Mwana Asatuluke m'Chigonero Asanadziwe Kumene Adzagone

Chaka cha sukulu m'dziko muno chimatha mu Julaye, nyengo imene mwera uli pakati kuwomba panyanja ndipo asodzi a ku Chintheche amakokera mabwato awo pamchenga kudikira kuti mafunde adekhe. Masiku omwewo m'mphepete mwa msewu wa M5 mumaoneka anyamata ndi asungwana ataimirira ndi masutikesi, zidebe ndi matiresi opinda, kudikira galimoto za ku Nkhata Bay, ku Mzuzu kapena ku Dwangwa. Odutsa m'njira amangoti ana atsekera, akupita kutchuthi. Koma pakati pa anawo alipo ambiri amene atuluka m'chigonero komaliza, ndipo sukulu ikadzatsegulidwa mu Sepitembala sadzapezanso bedi lowadikira. Za ana amenewa ndi zimene tifuna kunenapo lero.

Maganizo athu ndi akuti malo ogona ndi gawo la maphunziro, monga mmene lilili buku, choko ndi mphunzitsi. Kupeza malowo ndi ntchito ya akulu, ndipo iyenera kugwiridwa teremu isanathe, mwana asanatuluke pachipata cha sukulu. Tikaisiyira mwana yekha kuti akaigwire pa sabata yotsegulira, tadziwa kale kuti adzalandira chipinda chimene ena onse anachikana.

Ana amene tikunenawa ali m'magulu angapo. Alipo amene alemba mayeso a Folomu 4 ndipo afuna kubwereza pa sukulu ya masana kuti akonze mapointi awo, koma chigonero cha sukulu yawo yakale sichingawalandirenso. Alipo amene anasankhidwira ku sekondale yoyendera, pamene kwawo ndi kutali, kumapiri kapena kugombe kumene njinga siifika msanga. Alipo ophunzira a ku yunivesite amene chaka chino anali ndi mwayi wogona pasukulu koma chaka chamawa mwayiwo ndi wa ena. Aliponso ophunzira zauphunzitsi amene atuluka m'koleji, monga ya ku Karonga, kukaphunzitsa moyeserera pa sukulu za kumudzi kumene nyumba za aphunzitsi n'zosakwanira ngakhale eni ake. Onsewa vuto lawo ndi limodzi: dzulo belu ndilo linkawauza nthawi yodya, yowerenga ndi yogona, mawa ayenera kudzifunira okha denga, nkhuni, madzi ndi nyali.

Kuno kunyanja nkhani ya mwana wochoka kwawo kukafuna sukulu si yachilendo. Amishoni a Livingstonia, amene anayamba ntchito yawo ku Cape Maclear m'chaka cha 1875, anasamukira ku Bandawe mu 1881 motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, ndipo Atonga anailandira sukulu ndi manja awiri. Mu 1894 likulu la mishoni linakwera kumapiri a Khondowe, kumene kunamangidwa sukulu yaikulu ya Overtoun. Kuyambira pamenepo mnyamata wa ku Chintheche wofuna maphunziro apamwamba ankayenera kuchoka m'mudzi mwa makolo ake ndi kuyenda ulendo wa masiku, wapansi kapena wa pasitima ya panyanja. Mmodzi mwa iwo anali Clements Kadalie wa m'mudzi wa Chifira, amene atamaliza maphunziro ake ku Khondowe anapita kummwera, ndipo mu 1919 anayambitsa ku Cape Town bungwe la anthu apantchito la ICU, limene linamveka South Africa yense.

Chimene tiyenera kuona pa mbiri imeneyi n'chakuti omanga sukulu ya ku Khondowe sanamange makalasi okha. Anamanganso mogona, anakonza za chakudya, ndipo anaika akulu oyang'anira anawo usana ndi usiku. Moyo wake unali wa malamulo okhwima ndi ntchito zamanja zambiri, ndipo sitikunena kuti zonse zinali zokoma. Koma kholo la ku Bandawe potumiza mwana linkadziwa kumene akagone ndi amene akamuyang'anire. Momwemonso makolo athu amene ankapita kutheba, ku migodi ya ku Joni ndi kumatauni a ku Harare ndi Bulawayo, kawirikawiri ankanyamuka atadziwa dzina la mbale kapena munthu wakumudzi amene akafikire pakhomo pake. Ulendo unkayamba khomo lofikira litadziwika. Nzeru imeneyi ndi yathu yomwe, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti taitaya pa nthawi imene ana athu akuifuna koposa.

Nanga zinasintha bwanji? Pamene Boma linachotsa fizi ya ku pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana asukulu chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Patapita zaka zowerengeka ana omwewo anayamba kugogoda pa makomo a sekondale. Mu 1998 sukulu zija zinkaphunzitsa kudzera m'makalata, zimene ambiri ankazitcha ma MCDE, zinasandutsidwa sekondale zoyendera za m'madera. Ichi chinali chitukuko chenicheni, pakuti mwana wa msodzi ndi wa mlimi wa chinangwa anapeza malo amene kale analibe. Koma sukulu zimenezi zinakonzedwa poganiza kuti mwana azigona kwawo, pamene ambiri osankhidwa kwawo kunali kutali. Apo ndi pamene panakula mchitidwe umene ana asukulu amautcha self-boarding, wochita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu ndi kumadziphikira okha.

Ku maphunziro apamwamba zinayenda chimodzimodzi. Yunivesite ya Malawi itatsegulidwa mu 1965, ophunzira anali ochepa, ndipo wosankhidwa aliyense ankapeza bedi ndi chakudya. Yunivesite ya Mzuzu inatsegulidwa mu 1999 ku Luwinga, m'nyumba zimene kale zinali koleji ya aphunzitsi, ndipo Sinodi ya Livingstonia inatsegula yunivesite yake mu 2003. Chiwerengero cha ophunzira chakhala chikukula chaka ndi chaka, koma zigonero sizinakule pa liwiro lomwelo. N'chifukwa chake ophunzira ambiri a ku Mzuzu amakhala m'nyumba za lendi ku Luwinga ndi ku Area 1B, monga mmene anzawo a ku Zomba adzazira ku Chikanda. Mu 2015 kunakhazikitsidwa bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa a m'sukulu zaukachenjede, ndipo lathandiza ambiri. Koma bungwe lingapereke ndalama, silingapite kukaona ngati denga la chipindacho likudontha.

Tsono taganizani za mwana amene wafika pa sabata yotsegulira sukulu, katundu ali pamutu, kuyenda khomo ndi khomo kufunsa chipinda. Nyumba zabwino zinapita kale kwa aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi ogwira ntchito m'malo ogona alendo, amene pa Chintheche ndi ambiri ndipo amalandira malipiro mwezi ndi mwezi. Mwini nyumba poona kuti mwanayo alibe kolowera amatchula mtengo umene wafuna, namuuza kuti alipiriretu miyezi itatu. Dzuwa likupendeka, mwana amavomera. Salinso ndi mpata wofunsa za chimbudzi, za madzi kapena za anthu oyandikana nawo. Akulu anati safunsa anadya phula, koma mwana uyu sitingamudzudzule, pakuti amene wamusiya wopanda nthawi yofunsira ndife.

Zotsatira zake aphunzitsi akuzidziwa bwino kuposa ife. Choyamba ndi matenda. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo boma la Nkhata Bay linali limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Mwana wokhala pa nyumba yopanda chimbudzi, amene amatunga madzi akumwa m'nyanja momwe ena akuchapira ndi kusamba, ali pangozi ya kolera ndi likodzo tsiku lililonse. Wogona m'chipinda chopanda neti pafupi ndi dambo amataya masabata ndi malungo. Mu 2024 madzi a m'nyanja ya Malawi anakwera kwambiri mpaka kulowa m'nyumba za m'madera ambiri a kugombe. Chipinda chimene chioneka chouma ndi chokongola mu Sepitembala chikhoza kukhala m'madzi mu Epulo, mayeso atayandikira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachiwiri ndi ndalama. Kuchigonero kholo linkalipira kamodzi pa teremu, ndipo m'ndalamayo munali bedi, nsima, madzi ndi magetsi. Kunyumba ya lendi chilichonse chili ndi mtengo wakewake: ufa, ndiwo, makala, mchere, sopo, mayunitsi a magetsi kapena mabatire a tochi. Pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zonsezi inakwera, ndipo eni nyumba nawo anakweza lendi. Makolo ambiri amawerengera ndalama ya chipinda yokha, n'kuganiza kuti thumba limodzi la ufa wa kondowole lifika kumapeto kwa teremu. Likatha pakati pa njira, mnyamata amayamba kujomba kukakoka nawo chilimira usiku kuti apeze ya ndiwo, ndipo m'mawa amasinza m'kalasi.

Chachitatu, chimene chili chachikulu koposa, ndi chitetezo cha asungwana. Msungwana wa zaka 15 kapena 16 wokhala yekha m'kachipinda kopanda loko, chakudya chitamuthera, pafupi ndi doko limene ndalama za usipa zikuyenda m'manja mwa amuna akuluakulu, ali ngati nkhuku imene yasiyidwa panja usiku. Malamulo alipo. Kuyambira mu 1993 msungwana amene wabereka amaloledwa kubwerera kusukulu, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino anasinthidwa kuti munthu wosakwana zaka 18 asalowe m'banja. Malamulo amenewa ndi abwino, koma amabwera kudzakonza chimene chaonongeka kale. Ndi asungwana angati amene anabwereradi kusukulu mwana ali kumsana? Madzi akatayika saoleka. Loko wa pachitseko ndi mayi wachikulire wokhala pafupi zimateteza msungwana kuposa khoti.

Ena adzati tikukulitsa nkhani. Adzati kukhala payekha kumamuphunzitsa mwana kudziimira, ndipo kuyambira kalekale mnyamata akatha msinkhu ankatuluka m'nyumba ya makolo kukagona kugowelo. Mawu amenewa muli choonadi. Ophunzira ambiri amene anadziphikira okha anakhoza bwino mayeso, ndipo anatuluka ali odziwa kusunga ndalama ndi nthawi. Nafenso sitikunena kuti aliyense asungidwe m'chigonero mpaka adzakwatire. Koma tikumbukire kuti gowelo linkamangidwa m'mudzi momwemo, pamaso pa agogo ndi amalume. Mnyamata akachedwa kubwera usiku, m'mawa mudzi wonse unkadziwa. Akadwala, phala linkachokera kwa amake. Ufulu wa kugowelo unali ufulu wa mwana amene akuonedwa. Chimene tikutsutsa ndi gowelo lomangidwa pakati pa anthu osamudziwa mwanayo ngakhale dzina.

Enanso adzati yankho ndi lakuti Boma limange zigonero pa sukulu iliyonse. Tikugwirizana nawo, makamaka pa zigonero za asungwana ndi nyumba za aphunzitsi, ndipo tipempha aphungu, makhansala ndi mipingo kuti pogawa ndalama za chitukuko aziika zimenezi patsogolo. Sukulu ya asungwana ya Bandawe ndi umboni wakuti msungwana akakhala ndi pogona potetezedwa, maphunziro ake amayenda. Koma chigonero chimatenga zaka kuti chimangidwe, pamene Sepitembala akubwera chaka chino. Pali zinthu zimene tingachite ife eni popanda kudikira thumba la simenti.

Tiyambe ndi inu ophunzira. Funsani kwa oyang'anira zigonero teremu yomaliza ikangoyamba ngati dzina lanu lili pa mndandanda wa chaka chamawa, ndipo musadalire mphekesera kapena lonjezo la pakamwa. Ngati mulibe malo, auzeni makolo nthawi yomweyo, osati pa tsiku lotsekera. Potuluka m'chigonero bwezani zonse za sukulu, mabuku, matiresi ndi makiyi, ndipo lipirani ngongole zanu, pakuti ngongole yaing'ono yosiyidwa lero imadzakuvutitsani tsiku lokatenga satifiketi. Pemphani kalata yochitira umboni khalidwe lanu, chifukwa mwini nyumba wanzeru amafuna kudziwa amene akumulowetsa pakhomo pake. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Posankha mnzanu wokhala naye, musayang'ane amene mumaseka naye kwambiri. Yang'anani amene amawerenga pa nthawi imene inu muwerenga, amene amalipira gawo lake osachita kukumbutsidwa, ndipo makolo ake akudziwana ndi anu.

Inu makolo, pitani mukaione nyumbayo ndi maso anu. Ngati ulendo ukukanikani, tumani amalume, azakhali kapena mkulu wa mpingo. Musakhulupirire chithunzi cha pafoni, ndipo musatumize ndalama kwa munthu amene simunamuone, chifukwa alipo akathyali amene amagulitsa chipinda chimodzi kwa anthu atatu. Mukafika, onani chimbudzi musanaone chipinda. Funsani kumene kuli mpopi kapena mjigo ndi mtunda wake. Yang'anani m'mwamba ngati malata kapena udzu zikuonetsa kuwala, yang'ananinso m'munsi mwa khoma ngati muli zizindikiro za madzi a chaka chatha. Yesani chitseko ndi mazenera. Bwereraninso madzulo kuti mumve ngati pafupi pali malo omwera mowa kapena oonetsera kanema, pakuti masana malo onse amaoneka abata. Kenaka khalani pansi ndi mwanayo, muwerengere pamodzi zonse zimene adzafune pa mwezi, ndipo mumuuze zoona za mmene thumba lanu lilili.

Mukagwirizana ndi mwini nyumba, lembani. Pepala limodzi la m'kope likwanira. Lembanipo mtengo wa pamwezi, tsiku lolipira, ndalama imene mwapereka kale, amene adzalipire madzi ndi magetsi, ngati lendi ilipidwa m'miyezi ya tchuthi pamene mwana kulibe, ndi masiku amene mbali iliyonse iyenera kuchenjeza inzake isanakweze mtengo kapena kuthetsa pangano. Asayine mwini nyumba, kholo ndi mboni, ndipo aliyense asunge pepala lake. Ena amaopa kuti kulemba kuoneka ngati kusakhulupirirana. Ife tikuti kulemba kumasunga chibale, chifukwa milandu yambiri ya lendi imene imafika kwa a nyakwawa imayamba ndi mawu akuti sitinapangane choncho.

Inu aphunzitsi, udindo wanu sukuthera pa khomo la kalasi. Sukulu iliyonse imene ili ndi ana ochita lendi ikhale ndi kaundula wolembamo dzina la mwana, kumene akugona, mwini nyumbayo ndi nambala ya kholo. Komiti ya makolo ndi aphunzitsi, pamodzi ndi gulu la amayi, iziyendera nyumbazo kamodzi pa teremu, ndipo isunge mndandanda wa eni nyumba odalirika kuti kholo lochokera kutali likhale ndi poyambira. Izi sizifuna ndalama, zifuna kope limodzi ndi mtima. Aphunzitsi aakulu amene akuyembekezera ophunzira zauphunzitsi akambirane ndi mafumu msanga, kuti mlendo wodzaphunzitsa ana athu asadzagone m'kalasi kapena m'chipinda chosungira makasu. Mutu umodzi susenza denga.

Mafumu athu ndi atsogoleri a mipingo ali ndi mphamvu imene sukulu ilibe. Mfumu ikhoza kulamula kuti m'mudzi mwake munthu asachititse lendi nyumba yopanda chimbudzi, ndi kuti mwana wasukulu aliyense wobwera kudzakhala aziperekezedwa kwa iyo kuti adziwike. Mpingo wa ku Chintheche ukhoza kulembera mpingo unzake wa ku Mzuzu kapena ku Zomba kuti mwana wathu wakuti akubwera, mumuone. Ndipo inu ana a Nkhata Bay amene muli pantchito m'mizinda, amene ambiri a inu munaphunzira chifukwa wina anakupatsani mphasa pabalaza pake, musatseke foni mwana wa mlongo wanu akaimba. Ngati m'nyumba mwanu mulibe malo, muperekezeni pofunafuna, pakuti mwini nyumba akaona munthu wamkulu amalankhula mosiyana.

Eni nyumba nawo tiwakumbutse kuti phindu lopeza pa ana asukulu si loipa. Amene wamanga zipinda zabwino akuthandiza dziko, ndipo ayenera kulandira lendi yake pa nthawi yake. Koma wolandira mwana wa munthu pakhomo pake walandiranso udindo. Kuthithikiza ana asanu ndi mmodzi m'chipinda cha awiri, kukweza mtengo pakati pa teremu, kapena kutulutsa katundu wa mwana panja mayeso ali mawa, ndi zinthu zimene munthu sangafune kuti zimuchitikire mwana wake akadzapita ku Lilongwe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Dera la Chintheche linatchuka m'dziko muno ndi kunja komwe chifukwa cha sukulu. Linatulutsa aphunzitsi, abusa, makalaliki ndi atsogoleri pa nthawi imene madera ambiri anali asanaone bolodi. Ulemu umenewo sunabwere chifukwa cha nzeru za ana zokha. Unabwera chifukwa akulu ankadziwa kuti mwana wotumidwa kukaphunzira ayenera kukhala ndi pogona, chakudya ndi munthu womuyang'anira. Chaka chino teremu yomaliza isanathe, kholo lililonse, mphunzitsi aliyense ndi mfumu iliyonse afunse mwana amene ali m'manja mwawo kumene adzagone mu Sepitembala. Ngati mwanayo alibe yankho, ntchito yomupezera iyambe tsiku lomwelo.